Tsabola pa Bere la Petronella

Mukafika ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, n'kufunsa za Petronella Ngoma, anthu adzangoyang'anana. Koma mukati amake Magdalene ophwanya miyala, ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani ndi mlomo. Dzina limene amafuna ndi limenelo, ndipo ukamuitana ndi lina amakhala ngati sanamve. Ali ndi ana aamuna awiri, akuluakulu tsopano, koma Magdalene mwini dzinalo anagona ku manda a Chingwere kalekale, asanayambe n'kuyenda komwe.

Ine ndine Ida Njobvu, amake Chrissie, ndipo ndakhala mlangizi wa atsikana ndi akwati pa tchalitchi pathu zaka zambirimbiri. Pakamwa ndili napo, aliyense m'komboni muno akudziwa. Ndikunena za Petronella chifukwa palibe amene anali naye pafupi kuposa ine, ndipo zimandiwawa kunena kuti ndikanatalikira pang'ono mwina mwana uja akanakula.

Petronella anabwera ku Lusaka mu 1988 kuchokera ku Katete, kwathu komwe. Anamutenga ndi Whyson Ngoma, mnyamata wofatsa amene ankawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pa fakitale ina ya boma. Nyumba yawo inayang'anana ndi yanga, chitsime chimodzi, chingwe choyanika zovala chimodzi. Amayi a Petronella ananditumizira mawu kudzera kwa munthu wa pabasi kuti, "Mundisungire mwanayo, tauni sakuidziwa." Mawu amenewo ndinawatenga ngati ndapatsidwa ufumu. Ndine ndinamuonetsa pokwerera minibasi, ndine ndinamuphunzitsa kukoleza mbaula, ndipo ndine ndinamuuza azimayi oyenera kuwapatsa moni wokha osakhala nawo pansi. Iye ankanditcha amai, ine ndinkamutcha mwana wanga.

Anali wamfupi, wa mawu ochepa, woseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Sukulu analekeza giredi seveni, koma kuwerenga kunamulowa m'magazi. Pepala lokulungira zitumbuwa ankayamba waliwerenga asanadye. Zikwangwani za kukiliniki ankaziwerenga zonse, mpaka timawu ta m'munsi. Ndinkamuseka kuti mutu wake ndi wodzaza mapepala, tsiku lina mbuzi zidzamutsata.

Pa nkhani ya ana, Petronella sanayende bwino. Mimba yoyamba inatha ndi mtayo, mwana anabadwa wakufa, ndipo tinakamuika ife azimayi okhaokha popanda kulira, monga mwa mwambo. Wachiwiri anali mnyamata. Anakhala miyezi isanu ndi itatu, chikuku n'kumutenga. Ndiye pamene Magdalene anabadwa mu Meyi 1993, mtsikana wolira mwamphamvu, wa tsitsi lakuda bii, Petronella sanafune ngakhale kuti ntchentche imutere. Mwezi uliwonse anali woyamba pa mzere wa kusikelo. Khadi la mwana ankalisunga m'pepala la pulasitiki la buledi, ndipo akabwerako ankandionetsa mzere wa kulemera kwa mwana ukukwera. Ine za mizere sindinkazisamala. Ndinkangoona matako a mwanayo n'kudziwa kuti zinthu zili bwino.

Chaka chomwecho zinthu zinatembenuka. Makampani a boma ankatsekedwa limodzi limodzi, ndipo Khirisimasi isanafike Whyson anabwera ndi kalata m'thumba ndi ovololo m'manja. Makuponi a boma ogulira ufa motchipa anali atatha kale. Thumba la ufa linasanduka chinthu choonera m'sitolo, ife tonse tinayamba kugula timapaketi tating'ono ta pulasitiki timene tinkatitcha pamela, tokwanira kuphika kamodzi. Kukiliniki nako anayamba kulipiritsa. Whyson ankadzuka m'mamawa kukaima pa mageti a mafakitale kudikira ganyu, pamodzi ndi amuna ena mazana, ndipo masiku ambiri ankabwera ndi fumbi lokha ku mapazi.

Apa m'pamene Petronella anayamba kuphwanya miyala. Kanyama anakhala pa thanthwe, ndiye chimene tili nacho chochuluka ndi miyala basi. Azimayi ankawotcha matayala akale pa thanthwe kuti ling'aluke, kenako n'kumaswa zidutswazo ndi nyundo mpaka zikhale timiyala tating'ono tomangira nyumba, n'kuunjika m'mbali mwa msewu kudikira ogula. Petronella ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa, miyendo atatambasula, Magdalene ali kumbuyo kapena pa saka pansi pa ambulera yothyoka. Manja ake anang'ambika, nsidze zinayera ndi fumbi. Koma mwanayo anali wonenepabe. M'nyumba monsemo, chakudya chimene sichinakwere mtengo chinali bere lokha.

Mu Malichi 1994, Magdalene ali ndi miyezi khumi, ndinayamba kuona zinthu. Petronella ankalavula pafupipafupi. Tsiku lina ndinamupeza akutafuna dothi la chulu logula kumsika. Maso a mlangizi sanamizika. Ndinamuitanira m'nyumba mwanga n'kutseka chitseko.

"Amake Magdalene, kumwezi unapita liti?"

Anayang'ana pansi. "Papita miyezi ibili, amai."

"Na mwana akali kubele?"

"Akali."

Kwathu, mkazi akatenga pakati mwana akadali kuyamwa timati watumbiza. Ndi chamanyazi kwa mkazi, kwa mwamuna, ngakhale kwa alangizi amene anawalanga. Ndipo tonse tinaphunzitsidwa chinthu chimodzi: mimba ikalowa, mkaka umaonongeka, umakhala wa mwana wa m'mimbayo, ndipo woyamwayo akapitiriza amatsekula m'mimba, amatupa, amafa. Mankhwala ake ndi kumuchotsa kubere tsiku lomwelo. Ine sindinkakayika ngakhale pang'ono. Ana otumbizidwa ndinali nditawaona ndi maso anga kumudzi, otupa miyendo, a tsitsi lofiira. Sindinadzifunsepo kuti chinawatupitsa ndi mkaka umene anayamwa kapena mkaka umene anawamana.

"Mailo timuchosa," ndinatero, kuti mawa lake lomwelo zithe.

Petronella, amene sanali kunditsutsa pa chilichonse, anakweza mutu. "Amai, ba sista kusikelo banakamba kuti kulibe vuto. Ati mukaka suonongeka, mwana apitilize chabe kunyonka. Vilipo na pa chipepala cha pa chipupa, ninabelenga."

Mtima wanga unanyamuka. "Ba sista bako bali na bana bangati? Ine nalela bana siksi, bonse bamoyo. Iwe waika babili. Manje ufuna kuniphunzisa na vipepala?"

"Iyayi, amai. Koma munyumba mulibe vakudya. Nikamuchosa, azadya chani?"

"Phala. Tonse tinakula na phala. Mau a akulu akoma akagonela, uzaniyamika."

Funso lake linali lanzeru kuposa yankho langa, koma nthawi imeneyo ndinangomva mwano. Madzulo ndinamuitana Whyson n'kumukalipira kuti mwamuna wamkulu walephera kudziletsa. Anakhala pa mpando chipewa chili m'manja, n'kungoti, "Bamene baziba ni imwe, amai. Chitani vamene vifunika." Munthu wochotsedwa ntchito amavomera chilichonse, ngakhale m'nyumba mwake.

Loweruka m'mawa ndinabwera ndi Mainess, mlangizi mnzanga. Pakhomo panga panali kamtengo ka tsabola wamng'ono wowawa uja. Ndinathyola asanu, ndinawasinja pa mwala, ndipo ndinapaka ndi chala changa pa mawere onse awiri a Petronella. Iye anangoluma mlomo. Magdalene anali atangodzuka, anakwawa akuseka kupita kwa amake monga mwa masiku onse, n'kugwira bere ndi manja awiri. Anayamwa kamodzi. Kulira kwake sindikufuna kukufotokoza. Chimene sindiiwala ndi mmene anawayang'anira amake, osati ine amene ndinapaka, koma amake.

Ndinamubereka n'kupita naye kwanga, ndipo anakhala kumeneko sabata yathunthu kuti aiwale. Petronella tinamumanga pachifuwa ndi chitenje kuti mkaka uume. Mkakawo unakana. Ankapita ku miyala bulauzi itanyowa, ndipo mwana akalira m'nyumba mwanga, ndinkamuona Petronella ataima pa chingwe cha zovala, osayanika kanthu, akungoyang'ana chitseko changa. Ndinamuuza kuti alimbe mtima, n'zachikondi zimenezi.

Phala limene ndinkanyadira lija linali ufa wa pamela, madzi ndi mchere. Nsinjiro panalibe, shuga panalibe, mafuta ophikira tinkagula a m'kabotolo ka mankhwala tsiku limene Mulungu wakumbuka. Mvula inali isanathe, ndipo Kanyama wa nthawi ya mvula mukumudziwa: madzi sapita kulikonse chifukwa pansi ndi mwala, zimbudzi zimasefukira, zitsime zathu zosaya n'kumamwa zomwezo. Mwana amene miyezi khumi anali asanamweko madzi a pachitsime anayamba kuwamwa m'kapu. Pasanathe masabata awiri anayamba kutsekula m'mimba, ndipo phala ankalikankha ndi dzanja.

Tsiku lina masana ndinapita ku miyala kukamupatsa Petronella masamba a chibwabwa. Pamalo pake panali nyundo yokha. Azimayi anzake sanandiyang'ane, aliyense maso pa mwala wake. Ndinazungulira mulu waukulu wa miyala, n'kumupeza atakhala pansi, atafunda chitenje kumutu, Magdalene ali pachifuwa. Anali atamunyengerera masiku angapo, akudontheza mkaka pa chala, mpaka mwanayo anavomeranso bere. Ankayamwa atatseka maso, kadzanja kali m'khosi mwa amake.

Munthu wamtima akanabwerera mwakachetechete. Ine ndinamva ngati andiponda pamutu. Ndinakuwa kuti onse amve.

"Ndiye chifukwa chake mwana athulula! Umupasa poizoni kuseli kwa myala, ise tivutika na phala. Waika babili, Petronella. Ufuna kupaya wachitatu na manja yako?"

Nyundo zonse zinaima. Petronella anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa chala m'kamwa mwa mwana, anachotsa bere, n'kumanga bulauzi. Kuyambira tsiku limenelo sanamuyamwitsenso. Tsabola analephera, koma mawu angawo anagwira ntchito. Ndinadziwa pomulasa chifukwa ndinali amai ake, ndipo ndinalasa pomwepo.

Kusikelo nako analeka kupita. Mimba inali itayamba kuoneka, ndipo mkazi wa mimba wobereka mwana wosayenda amamuyang'ana pa mzere, ena amatsinana. Ankaopanso kuti asista akamufunsa chifukwa chimene mzere wa pakhadi watsikira. Ine ndinamuuza kuti akhale kaye panyumba mpaka mwana achire, asakadzichititse manyazi. Mwezi wa Epulo unadutsa, wa Meyi unadutsa. Tsiku limene Magdalene anakwanitsa chaka anali atasiya kukwawa. Ankangokhala pamene wamuika, osaseka, osalira kwenikweni, kumangodandaula pang'onopang'ono ngati mwana wa mphaka.

Mu Juni, kuzizira kutafika, mapazi ake anayamba kutupa, kenako masaya. Mainess atamuona anawomba m'manja kuti mwana wayamba kunenepa. Ine ndinazindikira kuti si kunenepa, koma ndinati ndi mkaka woipa uja anayamwa kuseri kwa miyala, ukutuluka. Ndinafuna mizu kwa mayi wina wa ku Chibolya, tinamusambitsa, tinamumanga kachingwe m'chiuno. Tsitsi lakuda lija linafiira, linayamba kuthothoka ukalipesa. Khungu la m'miyendo linasupuka ngati wapsa ndi madzi otentha.

M'mawa wina Petronella anandiitana. Anali atakhala pakhomo, mwana pamiyendo. Anadina phazi la Magdalene ndi chala n'kuchotsa. Dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

"Amai, niyenda naye kukiliniki. Sinikupemphani, nikuuzani chabe."

Ndinatenga chitenje changa n'kumutsata. Kukiliniki sanatisunge. Atangomuvula mwanayo analemba kalata kuti tipite ku chipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko anatilowetsa m'chipinda cha ana a njala. Ine ndinali ndisanaonepo zoterezi. Ana awiri pa bedi limodzi, ena otupa ngati Magdalene, ena mafupa okhaokha, amayi awo atayala zitenje pansi. Chimene chinandiopsa ndi bata. Chipinda chodzaza ana, koma olira ochepa.

Nesi amene anatilandira anali mayi wachikulire, msinkhu wanga, wotopa m'maso. Anatsegula khadi lija m'pepala la buledi, anatsata mzere ndi chala pamene unakwera miyezi khumi, n'kuima pamene unathera. Anayang'ana mimba ya Petronella.

"Munamuchosa kubele chifukwa cha mimba?"

"Ee, ba sista."

"Nindani anakuuzani?"

Ine ndinali nditaima pambali, chikwama cha matewera chili m'manja. Petronella sanatembenuke n'komwe.

"Nine neka," anatero.

Nesiyo sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa mkangano ndimautha. Anangopuma n'kunena kuti, "Mukaka wa muzimai wa mimba ni mukaka chabe, mwana wanga. Siupaya. Uyu mwana sanadye poizoni, ni njala na kuthulula. Pa bana bali muno, bambili nkhani ni imozi na yanu." Kenako anayang'ana ine. "Imwe ndimwe ambuya bake?"

"Ndine," ndinatero.

Anamuika kachubu m'mphuno kolowetsera mkaka wa kuchipatala, chifukwa kumeza kunali kovuta. Tsiku lachiwiri nesi uja anauza Petronella kuti ayese kumuika kubere, ngakhale mkaka utachepa, mwina angakoke pang'ono n'kupeza mtima. Ndinali pomwepo. Petronella anakhala pa bedi, anamasula bulauzi, anamunyamula mwanayo mosamala chifukwa khungu linali zilonda. Anamuyandikitsa. Magdalene anatsegula maso, anaona bere, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Petronella anayesa mbali inayo. Mwanayo anatseka pakamwa, n'kukankha ndi kadzanja kotupa kaja. Kawiri konse analandidwa bere limenelo, ndipo anali ataphunzira.

"Nyonka, mama," Petronella ankanong'oneza. "Kulibe mpilipili. Nyonka."

Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo. Ndinalira ngati mwana, anthu odutsa n'kumaganiza kuti maliro achitika kale.

Magdalene anamwalira tsiku lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, Petronella akumupukuta kumaso. Anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Whyson anakhoma yekha kabokosi ndi matabwa a makatoni a tomato amene anapempha kumsika, ndipo anakakhoma bwino kwambiri, chifukwa manja ake anali a mmisiri.

Pa tsiku loika, lole itafika, Mainess anayandikira Petronella n'kumukumbutsa kuti mkazi wa pakati sapita kumanda, atsale panyumba ndi azimayi achikulire. Onse anayang'ana ine, chifukwa mawu omaliza pa zoterezi ankakhala anga. Ine ndinayang'ana pansi. Petronella ananyamuka, anagwira chitsulo cha lole, anakwera yekha ndi mimba yakeyo, n'kukhala pafupi ndi bokosi, dzanja lili pamwamba pake. Palibe amene anamutsitsa. Ku Chingwere mizere ya timanda ta ana inali yaitali kuposa mmene ndinaisiyira chaka chapitacho, ndipo okumba anali atakumbiratu ena asanu podikira.

Mu Okutobala anabereka mnyamata, Dixon. Anthu anayamba kumutcha amake Dixon, monga zimakhalira, pofuna kumuiwalitsa. Iye ankangoyankha modekha kuti, "Ndine amake Magdalene." Ananena kawiri katatu, komboni yonse inamva. Dixon anayamwa zaka ziwiri zathunthu, ndipo panalibe mlangizi amene anayerekeza kunenapo kanthu.

Ine ndinkadikira tsiku limene adzandinene. Ndinkalifuna tsiku limenelo. Akanabwera pakhomo panga n'kunditukwana pamaso pa anthu, ndikanagwada, nkhani n'kutha. Koma Petronella anapitiriza kundipatsa moni m'mawa uliwonse, "Mwauka bwanji, amai." Ndikadwala ankanditungira madzi. Kukhala chete kwakeko kunandidya kuposa matenda. Ndipo ndinene zoona, ine sindinapite kukapepesa. Ndinkakonza mawu, ndikafika pakhomo pake n'kuyamba kufunsa za mtengo wa makala. Ulangizi sindinasiye. Phunziro la kutumbiza ndinangolisiya mwakachetechete, osauza anzanga chifukwa chake, ndipo Mainess anapitiriza kuliphunzitsa ine ndili pomwepo. Madzi akatayika saoleka, ndinkadziuza choncho, koma kunali kudzikonda chabe.

Petronella anayamba kuthandiza kukiliniki Lachiwiri lililonse popanda malipiro. Ankavala chitenje choyera bwino, n'kumapachika ana pa sikelo ndi kuwerenga nambala kuti asista alembe. Akaona mayi wa mimba wobereka khanda ataima kumapeto kwa mzere mwamanyazi, ankapita kukamutenga n'kumuika kutsogolo. Sankalalikira. Ankangofunsa kuti, "Akali kunyonka?" Akamva kuti inde, ankati, "Musamuchose." Akamva kuti ayi, ankakhala naye pansi. Masiku enawo anali ku miyala monga kale, chifukwa Whyson sanapezenso ntchito yokhazikika.

Mu 1997 mwana wanga Chrissie anabwerera kunyumba. Mwamuna wake, munthu wa Chibemba wa ku Kasama, nayenso anali atachotsedwa ntchito, ndipo anapita ku Nakonde kukayesa malonda. Chrissie anabwera ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu, mtsikana, dzina lake Musonda. Sipanathe mwezi ndinamuona akulavula kuseri kwa nyumba. Ndinadziwa. Sindinanene kanthu kwa iye kapena kwa wina aliyense. Koma pa chitsime chimodzi palibe chinsinsi, ndipo maso a Petronella anali atakhwima kuposa anga.

Lolemba m'mawa ndikutsegula chitseko, ndinapeza Petronella akutsitsa wilibala ya miyala pakhomo panga penipeni, pafupi ndi kamtengo ka tsabola kaja. Anayala saka, anakhala pansi, Dixon akusewera pambali, n'kuyamba kuphwanya. Malo ake ogulitsira anali kumsewu, kutali ndithu, ndipo kugwirira pano kunatanthauza kukankha wilibala kawiri, kubwera ndi kubwerera.

"Mwauka bwanji, amai."

"Nauka, mwana wanga. Nanga lelo myala pano?"

"Pano pali mthunzi."

Mthunzi panalibe. Pakhomo panga dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Patapita kanthawi Musonda analira m'nyumba. Petronella anaimitsa nyundo n'kuitana, "Chrissie, bwela naye panja, umunyonshe." Chrissie anatuluka, anandiyang'ana mwamantha, chifukwa malamulo a amake ankawadziwa. Ine ndinangoyang'ana kumbali. Anakhala pa sitepe n'kuyamwitsa. Petronella anadikira mpaka mwanayo atasiya yekha, kenako nyundo inayambanso.

Tsiku lotsatira anabweranso, ndi linalo. Lachiwiri lililonse ankamutenga Chrissie kupita naye kusikelo. Mainess atabwera tsiku lina kudzandinong'oneza kuti mwana wanga watumbiza ndipo anthu ayamba kulankhula, anapeza Petronella ali pakhomo ndi nyundo m'manja, anapereka moni n'kubwerera. Ine ndinamvetsa bwino lomwe. Petronella sankalondera Mainess. Ankalondera ine.

Sabata yachitatu sindinathenso kupirira. Chrissie atapita kukatunga madzi, ndinakhala pansi pafupi naye, pa fumbi la miyala lomwelo. Zaka zitatu ndinali nditasunga mawu, ndipo anatuluka osalongosoka.

"Amake Magdalene, yenda ku malo yako, ulema na wilibala. Uyu mwana sinizamugwila. Nalumbila pamaso pa Mulungu. Vija ninachita kuli iwe, ninalakwa. Nine ninamupaya Magdalene."

Petronella anaika nyundo pansi. Anapukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya chitenje. Anandiyang'ana popanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka.

"Namvela, amai. Niziba kuti mufunila Chrissie vabwino." Anatola mwala wina n'kuuika bwino pa unzake. "Na ine munali kunifunila vabwino."

Anatenga nyundo n'kupitiriza.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatenga khasu n'kuzula kamtengo ka tsabola, mizu ndi zonse, ndinakataya kudzala. Ndinasiya dzenje lake poonekera, osakwirira, kuti aone. M'mawa mwake Petronella anafika ndi wilibala yake. Anayang'ana dzenjelo, anandipatsa moni monga mwa masiku onse, anayala saka pamalo pomwe paja. Anakhala pakhomo panga miyezi isanu ndi umodzi, mpaka tsiku limene Chrissie anapita kukachira, Musonda akuthamanga yekha pabwalo ndi miyendo yake yonenepa.